Chitseko cha Ambuya Nyamasiye

Lusaka, 12 Malichi 2023

Okondedwa amayi,

Muli bwanji kumeneko ku Feira? Bondo lija likupezako bwino? Ife kuno tilipo, kungoti mvula yatisandutsa abakha mu Kanyama muno. Mdzukulu wanu Cindy akupereka moni kuchokera ku Ndola, maphunziro ake a unamwino akuyenda. Kalatayi ndapatsira Arlete pobwerera atagulitsa nsomba zake ku msika wa Soweto, pamodzi ndi shuga, sopo ndi mankhwala opaka.

Amayi, khalani pansi musanawerenge zotsatirazi. Nyumba yathu aivomera! Mukudziwa mmene ndathera nsapato kupita ku ofesi yosunga zakale, kuwauza kuti nyumba yathuyi, ya Silvestre ya kudooko, ndi imodzi mwa nyumba zakale kwambiri zimene zatsala chilili pa boma pathu. Tsopano yalowa m'gulu la nyumba zotetezedwa. Palibe angaigwetse, palibe angaigule kuti amangepo malo ogona alendo. Adzakonza denga, adzapaka laimu, adzakhoma chikwangwani, ndipo inu mudzakhalabe momwemo. Ana a sukulu amene ndimawaphunzitsa mbiri kuno tsiku lina adzabwera kudzaona pomwe mphunzitsi wawo anabadwira.

Chimene chawasangalatsa koposa ndi chithunzi chimene Cindy anajambula pa Khisimasi, cha chitseko chija chimagona pa mitanda ya denga. Ati ndi chitseko chenicheni cha chipinda cha kumbuyo, mmene Silvestre ankatsekeramo anthu asanawaolotse kupita ku Zumbo kukawagulitsa. Ati chotere sanachionepo kwina. Akufuna kuchibwezera pamalo pake kuti alendo aziona mmene zinalili.

Abwera kudzayeza mwezi uno usanathe. Muwalandire bwino, ndipo mundiuze zonse. Foni bwanji simuyankha?

Ndine mwana wanu,
Terence

Feira, 3 Epulo 2023

Atate a Cindy,

Ndalandira kalata yanu ndi katundu yense. Shuga yafika, sopo wafika, koma mankhwala aja Arlete anawaika mudengu la nsomba, ndiye bondo langa likununkha pende. Sindikudandaula, mphaka wayamba kundikonda. Ife tilipo. Madzi a Luangwa adakali ofiira, njovu zadya chimanga cha aneba athu a Domingos kudimba, mlongo wanu Emeldah akukazingabe zitumbuwa pamsika.

Za foni, foni ya Emeldah imafuna munthu akwere pachulu, ndipo ukakwera pachulu bwalo lonse limamva. Ine nkhani za m'nyumba sindifuula ngati wogulitsa makala. Pensulo ndidakali nayo.

Alendo anu anabwera. Anthu aulemu ndithu, mmodzi mtsikana wovala nsapato zazikulu za amuna. Anayeza khonde, anayeza mazenera, anagogoda zipupa. Ndinawapatsa madzi akumwa. Za denga ndathokoza, chaka chino mabeseni ndinatchera mpaka pabedi. Koma nditatuluka kukathamangitsa mbuzi, pobwerera ndinapeza atsitsa chitseko, achiimika chilili motsamira chipupa. Atate a Cindy, chibadwire ine chitseko chimenecho sichinaimepo chilili. Ndinawauza kuti achigoneke, ndipo mwina ndinakweza mawu, chifukwa mtsikana uja anagwetsa cholembera chake.

Tamverani. Denga akonze. Laimu apake. Chikwangwani akhome, ngakhale ziwiri. Koma chitseko chibwerere pa mitanda, chigone monga chimagonera. Chili ndi ntchito yake. Musandifunse kuti ntchito yanji, si nkhani ya amuna, ndipo sitchulidwa mwini wake akadali kuyenda.

Inu chipinda chija mumachidziwa ngati nkhani ya m'kalasi. Ine ambuya Nyamasiye, agogo awo a amayi anga, ndinawaona ndi maso angawa ndili kamwana. Anali aafupi, opanda mano, ndipo sankalola munthu atseke pomwe iwo akhala, ngakhale mphepo ya Juni iwombe bwanji. Anawatsekera m'chipinda chimenecho ali kamwana koti mano a ubwana sanaguluke. Anzawo onse anaoloka mtsinje. Iwo anatsala chifukwa mkazi wa Silvestre anafuna womutungira madzi, ndipo atakula anatengedwa ndi mwana wa Silvestre yemweyo. Ife tonse tinachokera pamenepo. Tsiku limene mwamuna wawoyo anamwalira, asanamete n'komwe, anaitana amuna kuti azule chitseko.

Mukadzatumizanso, mchere wa m'paketi musaiwale. Mupereke moni kwa Cindy, muuze aleke kujambula zam'denga.

Amayi anu,
Josefina

Lusaka, 14 Meyi 2023

Asisi Emeldah,

Muli bwanji? Malonda akuyenda? Ine ndili bwino, koma kalata ya amayi yandisowetsa mtendere. Mtsikana amene anamukalipira uja ndi amene wakhala akutimenyera nkhondo ku ofesi. Ndinachita manyazi mpaka ndinapita kukapepesa.

Ndikuganiza kuti amayi akuopa kuti chitseko chikakhomedwa, mawa adzawauza kuti atuluke m'nyumba. Chonde muwafotokozere kuti sizili choncho. Ngati ntchito imene akunenayo ndi yoikapo matumba a chimanga kuti asanyowe, ndidzawagulira matabwa atsopano, a Domingos awakhomere thandala labwino. Ngati ndi za mizimu, asisi, inu ndinu a kwaya, alankhuleni.

Ndinasaina kale pangano m'malo mwa banja. Denga ndi chitseko zili papepala limodzi, sangakonze ichi n'kusiya icho. Komanso m'denga muja chitsekocho chikuwonongeka. Pachithunzi pakuoneka kuti chakumunsi makoswe anachikukuta kwambiri. Chikaima pamalo pake, chili ndi loko, chidzakhala zaka zina zambiri.

Ine sindikufuna kanthu pa zimenezi. Ndikufuna kuti anthu adziwe zimene zinachitikira ambuya Nyamasiye. Kodi kubisa chitseko m'denga ndiko kuwalemekeza?

Masau akapsa munditumizireko. Ndipo mundiuze zoona, amayi akudya bwino? Zilembo zawo zayamba kunjenjemera.

Mlongo wanu,
Terence

Feira, 20 Juni 2023

Iwe Terence,

Tilipo. Masau nawa mu kathumba, udye ukhute, mwina nzeru za kuno zibwerere m'mutu.

Thandala la chimanga! Ndinawawerengera amayi pamenepo, anaseka mpaka chifuwa chinawagwira. Ati mwana wanga anaphunzira mpaka anapitirira. Manje iwe ukuganiza kuti amayi, amene anathamangitsa mvuu kudimba ndi chidebe, angaope mtsikana wa nsapato zazikulu? Awe. Sakuopa kutulutsidwa. Ndipo za kwaya usandiyambe, ine ndimayimba kwaya Lamlungu, masiku enawa ndine mwana wa m'nyumba muno.

Wasaina m'malo mwa banja. Banja lake liti? Unafunsa ndani? Ife tinangoona galimoto yaima pakhomo.

Sindingakuuze zimene amayi anandiletsa. Koma ndikufunse: pa maliro a ambuya Petronella, amayi awo a amayi, unali kuti? Unali ku sukulu yogonera komweko, ukulemba mayeso. Unafika tsiku lachitatu ataikidwa kale, n'kufunsa ngati kwatsala nyama. Ine ndinalipo, ndili mtsikana wongotha msinkhu, ndipo anandilowetsa m'nyumba pamodzi ndi azimayi. Pali zimene ndinaona zimene iwe sunaone. Ganiza pamenepo, iwe mphunzitsi.

Wafunsa zoona, nazi zoona. Amayi sakudya. Amangonyambita phala, n'kupatsa mphaka. Chitenje chimene ankazunguliza kamodzi manje akuzunguliza kawiri. Kuchipatala sakufuna, koma ndiwakoka mwezi wa mawa ngakhale andilume.

Amisiri ayamba denga. Malata akalewa atawachotsa, dzuwa linalowa m'chipinda chija, ndipo amayi anakhala pakhomo pake tsiku lonse. Chitseko achikulunga ndi pulasitiki, achigoneka pakhonde. Amayi amapita m'mawa uliwonse kukaona ngati chikadali chigonere.

Lankhula ndi anthu akowo. Denga tathokoza. Chitseko ayi.

Emeldah

Feira, 15 Okutobala 2023

Terence,

Sindikufunsa za moyo wako, ndikudziwa kuti uli bwino.

Achikhoma. Anadikira tsiku limene Emeldah ananditengera kuchipatala, kumene anandigoneka masiku angapo. Pobwera ndinapeza nyumba yoyera mbee, denga lonyezimira, chikwangwani pakhonde chili ndi dzina lako pansi pake. Ndinalowa, ndinayang'ana kumbuyo, ndipo pomwe moyo wanga wonse ndaona khomo lopanda kanthu panali chitseko, chotseka, chili ndi loko wamkulu watsopano. Ndinatuluka chambuyo. Sindinalowemonso.

Ndikugona m'khitchini ya udzu, masana ndimakhala pansi pa mtengo wa masau. Emeldah akuti ndikumuchititsa manyazi, anthu aziti wathamangitsa amake. Anthu anene.

Ndinapita kwa bambo amene anamusiyira kiyi ku boma. Ndinamupempha kuti angochisiya chotsegula, ngakhale pang'ono pongolowa dzanja. Ati mileme ingalowe, ati akuba, ati lamulo lichokere ku Lusaka. Si munthu woipa, anandiperekeza mpaka pamsika.

Dzuwa la Okutobala ukulidziwa. Likafika pamutu, nkhuku zitayasamula, bwalo lonse lili zii, chitseko chimayamba kugogoda. Si pamwamba pomwe munthu wamkulu amagogoda. Ndi pansi, chakumawondo. Chimagogoda, chimaleka, chimagogodanso. Mmisiri anati ndi thabwa likufufuma ndi kutentha. Mwina. Koma galu wa a Domingos, amene ankagona pakhonde lija chibadwire, tsopano amazungulira kunjira ya kudooko. Ine ndimatuma Emeldah kuti aike kapu ya madzi pansi pa chitsekocho, chifukwa ambuya ankati m'menemo chimene chinkapweteka kuposa mantha linali ludzu. Madzulo kapu imapezeka youma. Emeldah akuti ndi dzuwa. Mwina.

Adokotala anandiuza zimene anandiuza. Sizinandidabwitse, thupi ndi langa. Ndatopa, mwana wanga. Msana ukupweteka, m'mimba mukuyaka, ndipo ndikanakonda kupumula. Koma sindingathe chitseko chili chiimire. Ndikugwira moyo ndi mano.

Unali mwana womvera. Ukadwala malungo unkafuna kuti ndisiye chitseko cha kuchipinda kwako chotsegula kuti uzindimva ndikusinja. Sindinakutsekerepo.

Usatumize shuga.

Josefina

Lusaka, 24 Novembala 2023

Okondedwa amayi,

Pepani kuchedwa kuyankha, takhala pa mayeso a ana. Kalata yanu yandiliza. Koma amayi, kugona m'khitchini ya udzu nyumba yabwino ili pomwepo? Mvula yayandikira. Ndafunsa wodziwa za matabwa, ati mlombwa wakale ukachoka pamthunzi umalira choncho ndithu ukatenthedwa, udzaleka wokha.

Nkhani yabwino ndi yakuti mwambo wotsegulira nyumba udzachitika pa 20 Disembala. Kudzabwera akuluakulu, ndipo agwirizana kuti inu ndinu mudzatsegule loko pamaso pa anthu, monga mdzukulu wa ambuya Nyamasiye. Mukuona? Kiyi idzakhala m'manja mwanu. Chitenje cha tsikulo ndagula kale, chobiriwira monga mumakondera.

Mwambo ukatha ndidzabwera nanu kuno kuti adokotala aakulu akuoneni. Limbani mtima pang'ono chabe.

Mwana wanu,
Terence

Feira, 26 Novembala 2023

Terence,

Sindikudziwa ngati wayankha amayi kapena ayi, kuno sikunafike kanthu. Arlete akupita mawa ulendo wake womaliza boma lisanatseke kugwira nsomba, ndiye ndikulemba. Ndili pamsika, kutali ndi nyumba, ndipo ndalavula kaye malovu pansi, chifukwa zimene ndilembe pano sizitchulidwa za munthu wamoyo. Ati kuzitchula ndi kumuitanira. Ndikuphwanya mawu a amayi. Ngati ndi tchimo, theka ndi lako.

Mkazi wa m'banja mwathu akamwalira, timatsitsa chitseko chija. Timachigoneka pa mitondo iwiri m'chipinda cha kumbuyo, ndipo timamusambitsira pamenepo. Kenako timayala mphasa ndi chitenje, timamugoneka, amuna amabwera kudzanyamula. Amatuluka pa chitsekocho, kudutsa pakhomo lomwe lija, mpaka kumanda. Bokosi limakadikira komweko. Anthu panjira amangoona mphasa. Tikabwerako timachitsuka, timachibweza m'denga, nkhani yatha mpaka wina.

Analamula ndi ambuya Nyamasiye eni ake. Anati, chitseko ichi chinanditsekera mkati, ndiye chidzanditulutsa, ine ndi ana anga aakazi, ndipo ntchito ina sichidzagwiranso. Anatuluka pa icho. Mwana wawo anatuluka pa icho. Ambuya Petronella anatuluka pa icho, ine ndikugwira beseni. Tsiku limenelo amayi anandionetsa zonse, n'kundiuza kuti, ukuona, ine udzandichita chimodzimodzi.

Amayi amakhulupirira kuti mkazi wa kwathu akapanda kutuluka pa chitsekocho, amatsala m'chipinda muja pamodzi ndi amene anafera momwemo. Seka ngati ukufuna. Ine sindikudziwa ngati ndi zoona. Chimene ndikudziwa ndi chakuti mayi wako watsala mafupa okhaokha, mankhwala a ululu sakugwiranso, ndipo akukana kufa. Abambo a mpingo anabwera kudzawadzoza, iwo anati dikirani kaye, njira yatsekeka. Masana amagona pamphasa pansi pa masau, maso ali kunyumba, akumvetsera. Chikagogoda amayankha motsitsa kuti, ndamva ambuya, dikirani.

Ine ndatopa kuwaona choncho. Ndimalira kuseri kwa mbaula, makasitomala amayesa ndi utsi.

Unati ukufuna anthu adziwe zimene zinachitikira ambuya. Zimene zinawachitikira ndi chitseko chotseka, ndipo iwe wazichitanso. Zimene iwo anachita ndi chitseko chogona. Pa ziwirizi ukusunga chiti?

Ndikanazula ndekha, koma pepala unasaina ndiwe, ndipo amayi akuti amene anachiimika ndiye achigoneke.

Emeldah

Lusaka, 8 Disembala 2023

Asisi,

Kalata yanu ndaitenga dzulo lokha. Arlete anaisiya kwa mnzake ku Soweto, ine ndinali kochonga mayeso kunja kwa tauni. Ndaiwerenga nditaimirira pamsika, anthu akundigunda. Bwanji simunandiuze kale? Bwanji palibe anandiuza?

Lero m'mawa ndinapita ku ofesi. Anandimvetsera, mtsikana uja mpaka anagwetsa misozi. Koma ati chinthu chotetezedwa sichingachotsedwe popanda chilolezo, ndipo komiti yopereka chilolezo idzakhala pansi mu Januwale. Ati amene achotse pasanafike pamenepo akhoza kukaonekera kukhoti, ndipo nyumba akhoza kuichotsa pa chitetezo. Asisi, ndine wa ntchito ya boma, mukudziwa tanthauzo lake.

Ndaganiza chonchi. Pali kalipentala waluso kuno angapange chitseko chofanana ndendende, cha mlombwa womwewo, ndi zitsulo zake. Tikachikuta ndi mphasa, amayi angazindikire? Kapena ayesetse kufika Januwale. Ndatumiza iyi ndi kondakitala wa basi kuti ifike msanga. Ndiyankheni.

Terence

Feira, 11 Disembala 2023

Terence,

Ukufuna ndinamize mayi wako ali pamphasa ya imfa? Chitseko chimene anachisambitsirapo mayi wake sangachidziwe?

Januwale kulibe. Kuyambira dzana asiya kumwa madzi. Akuti sangamwe mwana ali ndi ludzu mkatimo.

Bwera ndi sipanala. Ngati ulibe, usabwere.

Emeldah

Feira, 19 Disembala 2023

Mwana wanga Cindy,

Uli bwanji? Mayeso ayenda bwanji? Ndikudziwa kuti zakupweteka kuti a sukulu sanakulole kubwera ku maliro a ambuya ako. Inenso maliro a ambuya anga anandipita chifukwa cha mayeso, ndipo palibe anandifotokozera zimene zinachitika. Iwe ndikufotokozera. Ndaikamo ndi makalata a aunt ako Emeldah, uyambe wawerenga amenewo.

Ndinatsika basi dzuwa lili pamutu. Ambuya ako anali pamphasa pansi pa masau, ang'ono ngati mwana. Ndinagwada, ndinawapatsa moni. Anayang'ana manja anga, ataona sipanala anatseka maso.

Kiyi sindinakapemphe, kuti bambo woisunga uja asalowe m'mavuto chifukwa cha ine. Loko tinaphwanya ndi nyundo ya a Domingos. Koma amisiri anamanga mabawuti manati ake ali mkati, ndipo chitseko chikatseguka manatiwo amapanikizika kuchipupa, sipanala siilowa. A Domingos anati palibe njira ina, wina alowe, titseke, amasulire mkati. Anandiyang'ana. Ndinalowa.

Cindy, ndaphunzitsa za chipinda chimenecho zaka zambiri, ndajambula mapu ake pabolodi. Sindinadziwe kuti chikatsekedwa masana mumada chonchija. Foni inali itathima mu basi. Ndinamasula manati apamwamba mofufuza ndi manja, thukuta likulowa m'maso. Kenako ndinagwada kuti ndifike apansi, ndinatsamira thabwa ndi dzanja, ndipo zala zanga zinagwera m'mizere.

Ndi malo aja ndinalemba pa chikwangwani kuti anakukuta makoswe. Khoswe amakukuta m'mphepete. Iyi ili pakati pa thabwa, yotsika pansi, inayi mbali iyi, inayi mbali iyo, yobwerezabwereza mpaka inakumbika. Zala zanga zinali zazikulu, sizinakwanemo. Ndili chigwadire choncho, mutu wanga unali pa msinkhu wa kamwana kamene kanakanda pamenepo.

Chitseko chinagogoda pansi pa dzanja langa. Kaya ndi thabwa, kaya. Ndinamva munthu akufuula kuti tsegulani, tsegulani, mawu aang'ono, ndipo anali ine. A Domingos anakankha, kuwala kunalowa. Anati, aphunzitsi, ine sindinakutsekereni, chinali chongotsamira. Ndinakhala pansi mpaka mpweya unabwerera, kenako ndinawauza kuti atsekenso. Ndinamaliza.

Tinachinyamula anthu anayi, chogona, mpaka pansi pa masau. Ambuya ako anatambasula dzanja, osayang'ana n'komwe, n'kupeza mizere ija. Zala zawo zinali zitawonda kotero kuti zinakwanamo bwinobwino. Anakhala choncho kanthawi. Kenako anati, Emeldah, madzi. Anamwa kapu yonse. Atatha anandiyang'ana n'kunena kuti, atate a Cindy, mwayenda bwanji, ku Lusaka kuli mvula? Ndinalira ngati mwana pamaso pa bwalo lonse.

Tsiku limenelo analola kuti tiwalowetse m'nyumba. Anaona denga latsopano, anati lili bwino. Anamwalira mawa lake chakumadzulo, mwakachetechete, aunt ako akuwapesa tsitsi. Azimayi anachita zawo m'chipinda chija, ife amuna tili panja. Atatiitana ndinagwira ngodya yakutsogolo. Anawafunditsa chitenje chobiriwira chija ndinagulira mwambo. Chitseko n'cholemera, iwo sankamveka n'komwe.

Mwambo wa mawa aimitsa. Andiitana ku ofesi Chaka Chatsopano chikapita, ndipo sindikudziwa ngati ndikubwerako ndi ntchito, kapena ngati chikwangwani chikhala. Ndikawauza zimene ndakuuzazi, osachotsera. Ndikawapempha kuti nyumba aisungebe, khomo lili pululu, ndipo ngati alendo afunsa za chitseko auzidwe kuti chidakali pa ntchito.

Pali china. Aunt ako alibe mwana wamkazi. Akuti ambuya ako anasiya mawu kuti iwe ndiwe udzagwire beseni tsiku la aunt ako, ndipo kuti nawenso ndiwe wa chitseko. Nditamva ndinafuna kukana. Ndinayang'ana m'denga, pomwe chagona, ndinaganiza za iwe tsiku limene unabadwa. Koma mawuwo si anga oti ndiwakane kapena kuwavomera. Ndi ako.

Sukulu ikatseka ubwere, aunt ako akudikira. Masana ano ndinakhala pakhonde dzuwa lili pamutu, ndikumvetsera. Kunali zii, ndipo galu wa a Domingos anabwera kudzagona pamapazi anga. Ukafika pa chipinda cha kumbuyo usafune pogogoda. Ungolowa, n'kutuluka nthawi imene wafuna.

Atate ako,
Terence